Kaya kapena Kukaya

A Siyani Gwaza ankalemba zikwangwani za maminibasi pa depoti ya Mzuzu. Ntchitoyi anaigwira zaka 26, pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi chipata chotulukira magalimoto. Ine ndimasoka nsapato pakhonde lomwelo. Benchi linali limodzi. Iwo ankakhala mbali yofika dzuwa kuti penti aziuma msanga, ine mbali ya kukhoma.

Kwawo kunali ku Linthipe, m'boma la Dedza. Anafika kuno mu 1983 ali ndi zaka 28, atatumizidwa ndi ofesi ya boma yoona za misewu. Kumeneko ntchito yawo inali kulemba zikwangwani za m'mphepete mwa msewu, dzina la malo ndi makilomita ake. Anawauza kuti ku Mzuzu akakhalako zaka ziwiri.

Sabata yawo yoyamba anapita ku depoti kukalandira katundu amene anatsalira m'basi ina. Anapeza mayi wachikulire atakhala pansi yekha, dengu lili pambali, akuyang'ana uku ndi uku. A Gwaza analeredwa bwino. Anagwada n'kufunsa kuti, "Mukupita kuti, mayi?"

"Kukaya, mwana wane," anatero mayiyo.

M'Chitumbuka, chimene ndi chilankhulo cha m'tauni muno, kukaya ndi kumudzi, kwanu. A Gwaza sankadziwa zimenezo. Khutu lawo linangotola kaya wa m'Chichewa, uja munthu amanena akasowa yankho. Anafunsanso, mayiyo anabwereza zomwezo mokweza. Basi anatsimikiza kuti munthuyu wasokonezeka mutu, sakudziwa kumene akupita. Ananyamula dengu, n'kumugwira dzanja kuti apite naye ku ofesi ya matikiti akalengeze. Mayiyo anakana, iwo anakakamira. Apo kunatulukira mtsikana amene anapita kukagula mabanzi. Ataona munthu wosamudziwa akukoka amayi ake, dengu lili paphewa, anakuwa kuti wakuba. Anthu anasonkhana. Chimene chinawapulumutsa a Gwaza ndi yunifolomu ya kaki imene anavala.

Mtsikanayo anali Judith NyaManda wa ku Mpamba, njira ya ku Nkhata Bay. Zaka ziwiri zija zitakwana, a Gwaza sanabwerere ku Dedza. Anamukwatira.

Manyazi a tsiku limenelo sanawachoke. Chitumbuka anachiphunzira ndithu, ankamva chilichonse, ngakhale miseche ya makondakitala, koma pakamwa pawo sichinkatuluka. Munthu akati, "Mwawuka uli, adada?" iwo ankayankha kuti, "Ndadzuka bwino, kaya inu." Kupatula yewo, zikomo wa kuno, ine sindinawamvepo akutchula liwu lina la Chitumbuka pocheza.

Ntchito ya boma inatha mu 1996. Nthawi imeneyo maminibasi anali atayamba kuchuluka, ndipo minibasi iliyonse inkafunika thabwa loika pagalasi la kutsogolo, losonyeza kumene ikupita. A Gwaza anagula maburashi anayi, penti woyera, wofiira ndi wakuda, n'kudzandipempha malo pabenchi. Thabwa ankayamba alipaka loyera, liume mpaka mawa lake. Kenako ankamenya mizere iwiri ndi ulusi wopaka choko, n'kuwerenga zilembo ndi chala asanagwire burashi. KARONGA sankavuta. EKWENDENI ankati ali ndi ma E atatu ofunika kufanana ngati mazira a nkhuku imodzi. MCHENGAUTUWA, kumene iwo eni ankakhala, ndi zilembo khumi ndi ziwiri, ndipo oyendetsa matakisi ankapempha kuti angolemba MCHENGA. Ankakana.

"Mchenga uli paliponse," ankatero. "Uwu eni ake anauona kuti ndi woyera, n'kuupatsa dzina lonse. Dzina la malo salidula mchira."

Munthu wolemba liwu limodzi kakhumi pa sabata amayamba kuliyang'ana m'kati. A Gwaza ankayankhula burashi ikuyenda, maso ali pa thabwa.

"A Gideon," anandiitana tsiku lina, "mwaona kuti ulendo ndi mlendo ndi ana a mayi mmodzi? Onse achokera ku kuyenda. Mlendo ndi munthu amene akadali pa ulendo. Sanafike."

Ndinati ndamva.

"Ndiye ine akamanditchula mlendo kuno sindikwiya."

Liwu lakuti siteji anauzidwa ndi mwana wawo Alice kuti ndi la Chingerezi, ndipo kumeneko limatanthauzanso pamalo pochitira zisudzo. Anakweza maso, anaona makondakitala awiri akulimbirana chikwama cha mayi wina, wina akukokera ku Rumphi wina ku Mzimba, mayiyo asananene n'komwe kumene akupita. "Azungu sanalakwitse," anatero.

Limene linawatengera zaka zambiri ndi tsogolo. Okwera minibasi amakanganirana mpando wa kutsogolo. Aphunzitsi amauza ana kuti sukulu ndi tsogolo lawo. Woyang'anira anthu ndi mtsogoleri. Munthu akamwalira timati watsogola. A Gwaza ankadabwa kuti liwu limodzi likusenza zonsezi bwanji, mpando wabwino ndi imfa yomwe. Pomaliza anandiuza kuti alipeza. Ananyamula thabwa limene anali atangomaliza, mbali ina KARONGA, mbali ina MZUZU, n'kulitembenuza kawiri.

"Tsogolo ndi kumene kwaloza nkhope, basi. Kondakitala akafika ku Karonga amangotembenuza thabwali, kumene wachoka kuja kwasanduka kutsogolo. Mukuona?"

Ndinati ndaona. Ngati ndi mmene anthu a mabuku amalifotokozera, ine sindikudziwa.

Madalaivala ankafunanso mawu olemba kumbuyo kwa galimoto, ndipo apa ndi pamene ankakangana nawo. Shadrick, dalaivala wa njira ya ku Karonga, munthu wa pakamwa posatseka, anabwera chaka china atagula minibasi yakeyake.

"Adada Gwaza, kumbuyo uku mundilembere ZINALEMBEDWA. Zilembo zikulu chomene, aziwerenga ali kutali, pa mphambano ya Katoto."

"Zinalembedwa ndi ndani?"

"Ndi Chiuta, adada. Kuti ine Shadrick ndidzakhala ndi galimoto."

"Ndiye mwalembetsa kale, ine mukundifuniranji? Tamverani. Chaka chatha ndinakulemberani KARONGA, zilembo zofiira, zowongoka. Mwagona kangati pa chitunda cha Chiweta injini itawira?"

"Aaa, imeneyo inali galimoto ya eni!"

"Kulemba n'kwina, kufika n'kwina. Ine ndine wolemba, ndikudziwa."

"Imwe mumaopa mawu amenewa chifukwa siteji yomaliza munaikwatira kale," anatero Shadrick, akuyang'ana anzake kuti aseke. "Munthu wa Chichewa, akazi onse a ku mpoto kuno, n'kukasankha NyaManda!"

Manda ndi mfunda wa anthu a kunyanja, ulibe chochita ndi kumasano, koma a Gwaza anaseka mpaka penti anadonthera pa bondo. Anagwirizana zolemba TIKAFIKA TIDZANENA. Minibasi imeneyo inayenda ndi mawuwo zaka zisanu ndi zinayi.

Funso limodzi lokha ndi limene a Gwaza sankaliyang'ana m'kati. Anthu ankakonda kuwafunsa kuti, "Nanga inu mumangolembera anzanu kopita, kwanu mudzapita liti?" Yankho linali limodzi: "Kaya." Ponena ankatembenuza dzanja lamanzere, chikhatho m'mwamba, poti lamanja linkakhala ndi burashi. A kuno ankaseka kuti mdalayu wayankha ziwiri nthawi imodzi.

Ku Linthipe anapitako komaliza mu 2003, pamaliro a amayi awo. Kumeneko mlongo wawo wamkulu, a Mervis, ananena pagulu kuti mbumba ili yokhayokha pamudzi, mwini wake akulera ana a eni ku mpoto. A Gwaza anabwerako tsiku lachitatu. Nkhaniyi anandiuza kamodzi, sanaibwerezenso.

Mawu a a Mervis aja ankakhudza Alice. Ku Linthipe mwana ndi wa kwa amayi ake. Ku Mpamba, malowolo akaperekedwa, mwana ndi wa kwa abambo ake. Mbali zonse ziwiri zinkamulozera kwina. Kwawo kwenikweni kunali nyumba ya njerwa ya ku Mchengautuwa imene makolo ake anamanga, ndi anthu awiri okhala m'menemo. Mmodzi, Judith, anamwalira mu 2015, n'kuikidwa m'tauni momwemuno. Alice, amene ndi mphunzitsi wa pulayimale, anabwerera m'nyumbamo ndi ana ake awiri kuti azisamala abambo ake.

Ntchito nayo inali itachepa. Achinyamata anayamba kusindikiza mayina a malo pa makina, zomata pagalasi. Kwa a Gwaza kunkabwera madalaivala akale okha. Iwo ankafikabe pabenchi hafu seveni tsiku lililonse kupatula Lamulungu.

M'mawa wina mu June 2022, kukuzizira, kukugwa kamvula ka mawawa, ankalemba RUMPHI. Anafika pa M. Ndinamva burashi ikugwa pasimenti. Nditacheuka ndinaona atapendekera kumanja, malovu akutsika, akundiyang'ana ngati akufuna kupepesa. Shadrick anatsitsa anthu amene anali atakwera kale, tinawanyamula kupita nawo kuchipatala. Anagonako masabata atatu. Anatuluka mbali ya kumanja itafa, mkono ndi mwendo, kamwa litakhota. Nzeru zinalipo, zinkaoneka m'maso. Mawu ndi amene anatsala ochepa: eya, ayi, madzi, ndi ena ongoyamba osafika kumapeto.

Mu August kunabwera Macpherson, mwana wa a Mervis, bambo wa zaka zopitirira makumi anayi, mlimi wa mbatatesi. Anatumidwa ndi amayi ake. Uthenga unali wakuti amalume abwere kumudzi, munthu sadwalira kuchilendo. Alice anakana. Anati chipatala chili pafupi kuno, Lachinayi lililonse amapita nawo ku mafizo kukawongola mkono ndi mwendo, mankhwala a BP amawadziwa ndi iyeyo, ndipo amayi ake agona kunokuno. Chimene sananene, koma aliyense ankachiona, n'chakuti abambo ake akachoka m'nyumbamo iye atsala wopanda munthu wamkulu wonena kuti uyu ndi wathu.

Anakangana masiku anayi. Lamulungu masana, atabwera ku tchalitchi, Macpherson anati afunsidwe eni ake. Tsiku limenelo Shadrick analipo, anabwera kudzazonda ndi nthochi. Macpherson anagwada pafupi ndi mpando n'kunena kuti, "Amalume, inuyo mukufuna mukakhale kuti?"

A Gwaza analimbana ndi milomo, mpweya ukutuluka wokha, kenako kunamveka: "...kaya."

Macpherson anagwetsa nkhope. "Akuti sakudziwa."

Shadrick anaseka. "Imwe a ku Dedza muli ndi vuto limodzi nonse. Kuno kukaya ni kumudzi! Adada akuti akufuna kwawo, kungoti 'ku' woyambirirayo wawathawa pakamwa."

Pamenepo zinthu zinatembenuka. Macpherson, amene Chitumbuka sadziwa ngakhale moni, anaimirira n'kulengeza kuti amalume ayankhula Chitumbuka chomveka bwino. Alice, amene anabadwira muno ndipo ana ake amawakalipira m'Chitumbuka, anati abambo ake anena kaya wa Chichewa, sakudziwa, ndipo munthu wosadziwa kopita sasamutsidwa. Anayesa kufunsanso koma odwalawo anali atatopa, anatseka maso.

Ine sindinalipo. Zonsezi anandiuza Alice Lolemba, ataima pakhonde, kaundula wa kalasi ali m'manja. Anati, "Adada Gideon, mwakhala nawo benchi limodzi zaka zonsezi. Bwerani mudzawauze asuweni anga kuti adada sayankhula Chitumbuka."

Ndinapita Lachiwiri masana pa kabaza wa njinga yamoto. A Gwaza anali atawakhazika pabalaza, bulangete lili m'miyendo. Alice ndi Macpherson anali atayamba kale.

"Asuweni, mwafika dzana, lero mwasanduka mphunzitsi wa Chitumbuka?"

"Nanga inu aphunzitsi, Chitumbuka chimene mumalota nacho mwachiiwala liti?"

"Adada chibadwire sanachiyankhulepo. Funsani aliyense ku depoti."

"Munthu akadwala amatulutsa za pansi pa mtima."

"Pansi pa mtima pa munthu wa ku Linthipe pakhale Chitumbuka?"

"Akazi anga, musandizunguze mutu."

"Akazi anu ali kwanu akukumba mbatatesi. Ine musandiyambe lero."

Macpherson anatsitsa mawu, koma tonse tinamva. "Alice, ine sindikulimbana nawe. Ndikuti kuli bwino akwere basi atakhala kusiyana n'kudzakwera atagona. Amayi akalamba. Akufuna awaone."

"Zaka 19 anali kuti osafuna kuwaona?"

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinati liwulo sindinalimve, sindingachitire umboni chinthu cha Lamulungu. Ndinakoka mpando n'kukhala kumanzere kwa a Gwaza, mbali yamoyo. Ndinawauza za ku depoti, kuti denga la khonde layambanso kudontha, kuti thabwa lija mwini wake analitenga momwemo, lolekezera pa M, akuti anthu a ku Rumphi amadziwa kale kwawo. Anamwetulira mbali imodzi. Kenako ndinafunsa kuti, "A Gwaza, mvula ya chaka chino iyamba liti?"

Dzanja lamanzere linatembenuka pabondo, chikhatho m'mwamba. "Kaya."

"Mwamva?" anatero Alice.

Ndinati adikire kaye. "Nanga Shadrick adzasiya liti bodza?"

Dzanja linatembenukanso, phewa likugwedezeka ndi kuseka. "Kaya."

"Tsono anawa akufunsa za inu. Mukufuna mukakhale kuti?"

Dzanja silinatembenuke. Linasuntha n'kugwira bondo langa, n'kufinya. Milomo inalimbana nthawi yaitali. Palibe anawathandiza. "Kh... ku." Anapuma. Thukuta linatuluka pamphumi. "Ku... kaya."

Ndivomere kuti inenso ndinapita kumeneko ndili mbali ya Alice. Benchi lija ndinkafuna lidzakhalenso ndi anthu awiri.

Macpherson anatsegula pakamwa koma Alice anamuimika ndi dzanja. Sanagonje. Anati, "Chabwino, ndi kukaya. Koma kukaya kwake kuti? Nyumba ino anamanga okha. Zaka za kuno zaposa za ku Linthipe. Amama ali kuno." Anagwada patsogolo pa abambo ake, n'kuwafunsa m'Chitumbuka, chinthu chimene sankachita, kuti kwawoko ndi kuti: "Adada, kukaya nkhu? Kuno?"

A Gwaza anamuyang'ana. Anachotsa dzanja pabondo langa n'kuliika pamutu pa mwana wawo. Linakhala pamenepo kanthawi. Liwu litabwera silinali dzina la malo.

"Me... Mervi."

Alice anadzuka, anatuluka khomo la kuseri. Tinamva madzi akuthiridwa m'beseni, mbale zikugundana, ngakhale kuti nthawi ya nkhomaliro inali itapita kalekale. Macpherson ankapotokola chipewa. Palibe ananena kuti wapambana.

Atabwerako, Alice anaima pakhomo manja ali onyowa. "Adikire sukulu itsekere. Ndiwaperekeza ndine. Mankhwala ndikakusonyezani ndekha kamwedwe kake, ndipo mukalemba pa pepala ine ndikuona. Mwendowo muziwuwongola m'mawa ndi madzulo. Ndikadzapeza ali ndi zilonda za pamphasa, asuweni, ndidzawatenga tsiku lomwelo, afune asafune."

"Ndamva, mayi," anatero Macpherson. Sananenenso za akazi anga.

Ananyamuka sukulu itatsekera, pa basi ya m'mawa ya ku Lilongwe. Madalaivala akale anabwera asanu ndi mmodzi. Anawanyamula pampando wa pulasitiki kuchokera pa takisi mpaka pakhomo la basi, ndipo kondakitala anasamutsa bambo wina wa tayi kuti odwala akhale pafupi ndi khomo. Shadrick anaima pawindo akukuwa kuti, "Adada, mwatikana ife chifukwa cha mbatatesi?" A Gwaza anatiyang'ana mmodzimmodzi. Basi itayamba kubwerera m'mbuyo anakweza dzanja lamanzere, ine ndinakweza langa. Ndinabwerera pakhonde chifukwa panali mayi akudikira nsapato ya mwana.

Alice anabwerako patatha masiku asanu ndi anayi. Anadutsira pakhonde asanapite kunyumba, chikwama chili paphewa, n'kukhala mbali ya dzuwa ija. Anati azakhali ake, a Mervis, maso anachita ng'ala, saona bwino. Atamva kuti afika anatuluka akugwira khoma, anawapapasa nkhope a Gwaza n'kunena kuti, "Achimwene, mwakalamba chonchi osatiuza?" Kuyambira pamenepo amakhala awiri pakhonde tsiku lonse. Wina saona, wina sayankhula. A Mervis amafotokoza za zaka zonse zija, amene anamwalira, amene anakwatiwa, munda umene unalandidwa ndi kubwezedwa, a Gwaza n'kumati eya, ayi. Za mawu a pamaliro paja palibe anazitchula.

"Nanga inu anakulandirani bwanji?" ndinafunsa.

"Bwino kwambiri. Nkhuku, madzi osamba otentha, ana kundigwadira. Ulemu wa mlendo." Anayang'ana kuchipata, kumene minibasi ina inkatuluka. "Adada Gideon, zaka 39. Ndiye ife tinali pongodikirira basi?"

Ndinaganiza kaye. Ndinati abambo ake Linthipe sanamutchule. Anatchula munthu amene anasiya naye nkhani pakati. Ndi iyeyo Alice analibe nkhani yotsala.

Alice anandiyang'ana cham'mbali. "Inu mumadziwa kusoka," anatero. Ananyamula chikwama n'kukakwera kabaza.

Tsopano amapita ku Linthipe tchuthi chilichonse, nthawi zina ndi ana, nthawi zina yekha. Ulendo wake umadya tsiku lonse. Sanawatengeko abambo ake, ndiye kuti zilonda sanazipeze. Mwezi wathawu anabwera ndi nsapato imodzi m'jumbo, ya kumanja, yakuda, imene ndinaisokapo kale kawiri. Inali itabooka kuchala, pansi pakadali bwinobwino. Ndinafunsa kuti yatha bwanji chonchi nsapato ya munthu wokhala pampando.

Anati sakukhalanso pampando tsiku lonse. Nyumba imene anawakonzera ili kumtunda, ya a Mervis ili kumunsi, ndipo m'mawa sadikira kuti Macpherson adzawanyamule. Amatenga ndodo n'kutsika okha, phazi lamanjalo akulikoka pansi. Pamene munthu wabwinobwino angayende mphindi ziwiri, iwo amatenga theka la ola.

Ndinadula kachidutswa ka tayala, ndinakakhomera kuchalako, n'kusoka mizere iwiri. Alice adzaitenga Lachisanu.